Nsalu ya Amayi pa Makina a Bambo

Evington, Leicester
8 Disembala 2019

Okondedwa Bambo,

Moni wa mwana wanu Marjorie akupezeni pakhonde pomwepo, phazi lili pa makina. Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwafika poti zala zimakana kumanga mabatani. Kaya inu shuga uja akuti bwanji? Nanga amayi ndi mphumu yawo?

Ndabwerera ku makalata chifukwa za foni zatikanika. Lamulungu lija ndinakuwa mpaka mayi Zaibunisa, eni nyumba imene ndikuchita lendi, anagogoda kufunsa ngati kumudzi kwagwa zovuta, chonsecho inu munkangoti, "Ati chiyani?" Makutu anuwo anapuma pantchito kalekale, vomerani. Ndiye tizichita chonchi: ine ndizilemba pamanja n'kujambula pa foni, alamu anga a Prisca azikusindikizirani pa Kampepuza pomwepo. Inu muziyankha kuseri kwa pepalalo, iwo azindijambulira.

Ntchito ndi yomwe ija, yosamalira nkhalamba kunyumba yawo yosungirako. Kusambitsa, kudyetsa, kumva nkhani imodzimodzi katatu pa tsiku. Ndinazolowera, pajatu ndinakulira pakhonde panu. Ndili ndi mnzanga wa ku Zimbabwe, dzina lake Chipo, agogo ake anali a ku Dedza. Chichewa chake n'chopunduka koma chimafika kumene chikupita. Mayi Zaibunisa iwo anabadwira ku Limbe, ndipo amandifunsabe mitengo ya pamsika ngati anachokako dzulo.

A Prisca akuti chiyambire mlandu wa chisankho kukhoti, wailesi ya m'nyumbamo ili ndi eni ake awiri. Inu mukatsegula ya chipani chanu, amayi akudikira mupite kuseri n'kupotokola kuika ya boma. Ndaseka mpaka misozi. Ndamvanso kuti amayi alandira chitenje chatsopano cha chipani chawo, ndipo inu mwakananso kuwasokera bulauzi, mpaka akalipira a Bennet, telala wa kutsidya kwa msewu. Bambo, mkazi wa telala kumakalipira kwa telala wina! Mukuti singano yanu sinabowolepo nsalu imeneyo ndipo siidzabowola. Chabwino, koma ndalama zikupita kwa a Bennetzo ndi za m'nyumba mwanu momwemo.

Ndatumiza kangachepe kwa a Prisca. Mugule feteleza wobereketsa ndi mankhwala anu a shuga, chotsala amayi agule kopopera kawo ka mphumu. Zisapite ku chipani, kaya chanu kaya chawo.

Nkhani yaikulu ndi iyi: andilola tchuthi mu Ogasiti. Ndikubwera. Zaka zapitazi n'zambiri, ndipo ndikufuna ndidzakupezeni nonse awiri, mukukangana momwemo.

Ndine mwana wanu,
Marjorie


Evington
24 Malichi 2020

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi. Ine ndili moyo.

Poyamba ndikuyamikireni, mlandu mwawina ndipo chisankho chichitikanso. A Prisca akuti munavina pakati pa msewu, tepi ili m'khosi, ndipo amayi tsiku limenelo ndiwo anaziika mchere wambiri dala.

Koma ine ndalemba za zina. Matenda aja munawatcha a azungu m'yankho lanu afika pakhomo pathu. Dzulo alengeza kuti aliyense akhale m'nyumba. Basi imene ndimakwera popita kuntchito timakhalamo anthu atatu, aliyense pakona pake ngati tinayambana. Ife osamalira nkhalamba sitingakhale kunyumba, nanga adyetse ndani? Abale awo aletsedwa kulowa. Amaima panja pa zenera n'kumakweza manja, nkhalamba zina osawazindikira n'komwe.

Bambo, matendawa amasankha anthu ngati inuyo ndi amayi: achikulire, a shuga, a chifuwa. Sindikukuopsezani, ndikunena zimene ndikuona. Ndiye mverani malangizo a mwana wanu, ngakhale kamodzi kokha. Pakhondepo muike ndowa ya madzi ndi sopo. Za kugwirana chanza ndi aliyense wodutsa musiye, moni wa pakamwa sanaphepo munthu. Wobwera kudzayezetsa musamapumirane naye.

Chinanso ndi ntchito ya manja anu. Sokani masiki, totchinga pakamwa ndi mphuno tija. Nsalu ikhale yothina ulusi, muphatikize ziwiri, ina kunja ina mkati, m'mbali mupinde katatu, lasitiki wa m'makutu. Kwa inu ndi ntchito ya mphindi zochepa, zidutswa muli nazo thumba lonse. Kuno masiki akusowa ngati shuga wa m'chaka cha njala. Chipo ndi ine timavala imodzi tsiku lonse, iye amati tikungonamiza mphuno.

Sopo ndi ndowa a Prisca agula ndi zimene ndatumiza.

Muwauze amayi kuti ndimawalota.

Mwana wanu,
Marjorie


Evington
19 Epulo 2020

Bambo,

Moni. Ndili bwinobe, kupatula kachifuwa ka nyengo ino, si kanthu.

Yankho lanu ndaliwerenga kawiri. Mwalemba kuti, "Kolona ndi bodza la boma lothawira chisankho. Mwaonako maliro ake angati pa Kampepuza?" Mwalembanso kuti akanatseka dziko anthu a pamsika akanadya chiyani. Apo pokha ndikuvomerezani, Bambo. Munthu wogulitsa tomato sangatsekeredwe m'nyumba mopanda ufa, ndipo nditamva kuti khoti laimitsa zotsekazo sindinadandaule. Mwina enawo akufunadi kubisala kumbuyo kwa matenda. Koma munthu wabodza akakuuzani kuti kukubwera mvula, simusiya chimanga panja chifukwa choti wanena ndi iyeyo. Mumayang'ana kumwamba.

Ine kumwambako ndayang'ana. Kuntchito, mbali imene ndimagwirako, zipinda zina tatseka, mabedi tayalula. Agogo ena amene ankanditcha dzina la mwana wawo sindiwadyetsanso. Sindilemba zambiri. Chipo naye sakubwera kuntchito sabata ino.

A Prisca andiuza mmene zilili pamsikapo. Akuti masiki asanduka yunifomu: wovala ndi wa boma, wosavala ndi wa inu. Amayi akasoketsa yawo kwa a Bennet, ya chitenje chawo chomwe chija, ndipo akumayenda nayo monyada mpaka kuchigayo. Ndakondwa, ngakhale ndikudziwa kuti savalira ine, akuvalira wailesi yawo. Inu ndowa ija munaiika tsiku limodzi, a Alfred, apampando a chipani chanu, atafika n'kufunsa kuti, "Kodi a Nzunga, akugulani zingati?" basi ndowa inabwerera kukhitchini.

Bambo, a Alfred alibe shuga. A Alfred sanandibereke. Inu mukadwala adzabwera ndi mawu okoma pamaliro, mwinanso ndi mbendera, koma ine ndidzakhala kuno, ndege palibe. Ndikuopa, ndipo sindikuchita manyazi kunena. Ngati masiki akukuchititsani manyazi, sokani ya nsalu ya chipani chanu, muone ngati a Alfred angatukwane nsalu yawo yomwe.

Kumisonkhano musapite. Voti yanu ndi imodzi, kaya mwavina kaya simunavine.

Mankhwala a mwezi uno ndatumiza. Chimanga mukakolola musagulitse msanga.

Marjorie


Evington
30 Meyi 2020

Okondedwa Bambo,

Pepani ndakhala chete. Musadabwe ndi kalembedwe kokhotakhotaka, cholembera n'chachilendo. Ndinapatsidwa tchuthi pang'ono, ndakhala ndikupuma m'chipinda. Mayi Zaibunisa akumandisiyira mphodza ndi chapati pakhomo, amagogoda n'kuthawa ngati mwana wakuba mango. Ndi munthu wabwino, muziwatchula m'mapemphero.

Mwafunsa za Chipo. Ndidzakuuzani tsiku lina.

Ndaona zithunzi za misonkhano. Anthu ngati nyerere, phewa ndi phewa, mbali zonse ziwiri. Aja ankati tikhale m'nyumba nawonso akusonkhanitsa anthu pabwalo. A Prisca akuti amayi anakwera lole kukavina ku Ntcheu, masiki ili pachibwano kuti nyimbo imveke bwino. Inu munapita wanu msonkhano Loweruka, opanda chilichonse. Ndiye ndikalipire ndani? Ndatopa, Bambo, mphamvu zokalipa ndilibe.

Ndingopempha chimodzi. Mukabwerako, sambani m'manja musanakhudzane. Pajatu usiku zipani zonse ziwiri zimagona chipinda chimodzi.

Mwezi uno ndatumiza zochepa, masiku ogwira anachepa. Mwezi wamawa zikhala bwino.

Mwana wanu,
Marjorie


Evington
5 Julaye 2020

Okondedwa Bambo,

Moni kwa a boma! Nanga si tsopano boma ndi inu? Ndikhulupirira mwadzuka bwino, ndipo mwendo sunathyoke ndi kuvina. Ine ndayambanso ntchito.

Kuno kwathu ku Leicester atitsekeranso, ife tokha, pomwe mizinda ina akutsegula. Akuluakulu a mzinda uno ndi a boma la ku London ndi a zipani zosiyana, ndiye akungolozana zala kuti wachedwetsa zinthu ndani. Ndinaseka ndekha m'basi, ndinati kani matenda a pa Kampepuza aja anafika kuno kale. Ulendo wa Ogasiti wakanika, Bambo. Ndalira, koma ndapukuta misozi. Tidzaonana chaka chamawa, bola mudzakhalepo nonse.

Tsono zimene wandiuza mlamu wanga sindinazikhulupirire mpaka atanditumizira chithunzi. Inuyo, a Nzunga, masiki kumaso! Ndowa yabwerera pakhonde, ndipo a Alfred ndi amene akuyamba kusamba m'manja. Akuti atsogoleri anu atangolowa anena kuti matendawa aliko ndithu, ndiye mwasoka masiki a nsalu ya chipani chanu mpaka lasitiki watha pamsika. Ine ndinalankhula miyezi itatu osamveka, wailesi yalankhula tsiku limodzi. Sindikwiya. Valani, kaya mukuvalira ndani.

Koma taonani kumene kwatembenukira mphepo. Amayi avula yawo. Akuti, "Aja ankati kulibe kolona dzana, lero aiona kuti? Akufuna ndalama za azungu." Anzawo a m'chipani onse akuyankhula chimodzimodzi. Masiki yawo yakale ija amayi anaitaya, anyamata a pamsika atawaimbira nyimbo yowazuma, ndipo yanu akuti sangaike chipani chanu pakamwa pawo ngakhale atafa. Yoyera wamba akukananso, akuti aliyense wovala masiki tsopano ndi wanu.

Bambo, amayi ndimawadziwa ndipo inu mumawadziwa kuposa ine. Sakukana masiki, akukana kugonja. A Bennet anatseka, anapita kwawo. Telala watsala ndinu. Tengani chitenje chawo chija mudulepo kachidutswa, muwasokere ndi manja anu. Akaona kuti singano yanu yabowola nsalu yawo, adzavala, chifukwa pamenepo wogonja mukhala inuyo. Mwawina dziko lonse, kagonjeni m'nyumba.

Chifuwa chawo mukuchidziwa, ndipo ino ndi nyengo yozizira.

Mwana wanu,
Marjorie


Evington
12 Julaye 2020

Bambo,

Moni. Mwayankha kuti mawu amene munthu ananena pamaso pa anthu sabweza, komanso kuti amayi akangoona maliro amodzi asintha okha. Ndiye kalata iyi muiwerenge mokweza, amayi ali pompo. Ngati simutero a Prisca awerenga.

Mu Meyi sindinali pa tchuthi. Ndinadwala matenda omwewa. Kachifuwa kaja kanakula mpaka ambulansi inadzanditenga, ndinagona m'chipatala ndi chipangizo cha mpweya kumaso. Kupuma kumene timachita osaganizaku ndinkakupempha kwa Mulungu kamodzikamodzi. Ndine wa zaka makumi atatu ndi zisanu, ndilibe shuga, ndilibe mphumu, koma mpaka lero ndikakwera masitepe ndimaima pakati. Ndinakubisirani kuti musade nkhawa. Ndaona kuti kubisako kwangothandiza makani anu.

Chipo anamwalira. Tinamuika kuno, anthu ochepa, titaima motalikirana. Mayi ake anaonera pa foni ali ku Harare. Chipo sanavotepo ku Malawi, Amayi. Sankadziwa nsalu yanu kapena ya bambo.

Amayi, ndamva kuti Lachinayi munagona pamaliro a mnzanu wa m'gulu lovina, m'nyumba yodzaza, mukuimba usiku wonse, ndipo akuti anafa ndi chibayo chabe. Sindikuletsani kulira mnzanu. Koma ine sindinabereke ayi, mwamuna ndilibe, chimene ndimadzukira m'mawa kuno ndinu awirinu. Mukafuna kulanga chipani cha bambo, alangeni ndi mchere m'ndiwo. Musawalange ndi moyo wanu.

Bambo, makina ali pomwepo.

Marjorie


Evington
23 Julaye 2020

Bambo anga,

A Prisca andiimbira. Ndikudziwa zonse, musavutike kulemba.

Musadziimbe mlandu tsopano, nthawi yake si ino. Akuti masiki ija munaisokadi, munaimaliza m'mawa womwe galimoto inabwera kudzatenga amayi, ndipo kuchipatala anawaveka yawo ya kumeneko. Isungeni. Adzaivala potuluka.

Mverani bwino. Kumalo kumene awagonekako sakulolani kulowa, musakangane ndi alonda. Chakudya muzisiya pageti, dzina lilembedwe pa chivundikiro. Phala likhale lamadzimadzi. Muwauze anamwino za mphumu ndi mankhwala amene amamwa. Inuyo muzidya, shuga sadziwa kuti muli pa mavuto. Mukamva kutentha thupi muuze a Prisca nthawi yomweyo.

Za thiransipoti ndatumiza. Akuti odwala amene ali ndi mphamvu amawaimika pazenera masana kuti aone abale awo kumpanda. Muzipita, Bambo. Ine ndinagonapo m'chipinda chotero. Mankhwala amathandiza, koma munthu amafuna kudziwa kuti panja pali wake.

Ndikupemphera, ndipo mayi Zaibunisa akupemphera m'chipembedzo chawo.

Marjorie


Evington
16 Ogasiti 2020

Okondedwa Amayi,

Lero kalata ndi yanu. Bambo akhale apo, amve ngati makutu awalola. Mwadzuka bwanji, mayi anga? Mawu anu pa foni dzulo anali ang'ono ngati a mwana, koma anali anu. Nditadula ndinakhala pansi pakhitchini n'kulira mpaka mayi Zaibunisa anabwera, ndipo atamva kuti mwatuluka analira nawo. Ine ndili bwino, masitepe ndikumakwera osaima.

Musafulumire kugwira ntchito. Mtondo ndi khasu zikudikirani. Ndatumiza ya mazira ndi mkaka, ndipo ndi zanu, osati za alendo obwera kudzakuonani. Alendowo azikhala panja.

Mwandiuza mbali yanu: kuti masiku awiri oyamba anamwino anakuimikani pazenera, munayang'ana kumpanda, munangoona chigulu cha anthu otchinga kumaso, ambiri ndi nsalu ya chipani cha bambo, onse ofanana. Munabwerera pabedi mukuti, "Sanabwere, ali kokondwerera boma lawo." Phala la tsiku limenelo munalikana. Tsiku lachitatu munaona kansalu kanu, kamodzi kokha pakati pa anthu onsewo, ndipo munadziwa kuti mnzanu wa m'chipani wabwera. Kenako munaona dazi la bambo.

Tsono mbali inayo bambo sangakuuzeni, ndiye ndikuuzani ine, mmene a Prisca anaonera. Masiku awiri aja analipo, kuyambira m'mawa. Anakweza manja, anakuwa dzina lanu, inu osawaona. Namwino atawauza pageti kuti mwakana kudya, anabwerera kunyumba. M'mawa mwake anatulutsa m'thumba masiki imene anakusokerani ija. A Prisca anawauza kuti akavalire kumpanda konko, iwo anati ayi, angaiwale. Anavalira pakhomo. Anadutsa nayo pamsika wonse wa Kampepuza, anyamata aja akuimba nyimbo yomwe anakuimbirani inu. A Alfred anawaimitsa pa siteji, pamaso pa anthu, n'kufunsa ngati mutu ukuyenda bwino. Bambo anangoloza khutu n'kunena kuti, "Ati chiyani?" basi n'kukwera minibasi. Anachita zimenezo tsiku lililonse mpaka mwatuluka.

Ndinawalembera kuwaseka kuti kodi alowa liti chipani chanu. Yankho lawo ndi lalifupi kuposa onse amene anandilemberapo, ndipo ndaliika pakhoma pafupi ndi bedi langa. Akuti: "Chipani sindinasinthe. Ndimafuna andione."

Ndamva kuti masikiyo mukulimbirana, inu mukuti ndi yanu, iwo akuti anaizolowera. Chitenje chikadalipo, Amayi, ndipo singano ija yabowola kale. Auzeni asoke yachiwiri. Muzichapa madzulo alionse ndi sopo, muziyanika padzuwa.

Chaka chamawa ndikubwera. Wailesi musagule ina, ndikufuna ndidzaipeze yomweyo.

Ndine mwana wanu nonse awiri,
Marjorie